Nyenga ndi Duwa la M'malire

Ndidasuntha malire a munda wa alamu anga, mwezi usanathe n'komwe chiikireni maliro a mwamuna wawo. Ndayambira pamenepa kuti wina asayese kuti ndikusimba za mnansi. Koma ine sukulu ndidalekera panjira, ndipo nkhani imeneyi ndikati ndiinene molunjika lilime limalemera. Choncho ndaiveka ubweya ndi mchira, mwina iyenda yokha. Amene muli pafupi vomerani kuti muli nane.

Kudangokhala, kale nyama zisanaleke kugwira khasu, mudzi wina wa kumchenga. Kumeneko malire a minda adali ovuta. Ukaika mwala mphepo inkaukwirira, ukaunga mzere unkasalala. Ndiye makolo adapeza mboni ina, duwa lachikasu lakutchire lija limene limakonda mchenga wouma. M'chilimwe limafota n'kusowa ngati lafa, koma muzu wake uli pansi penipeni, ndipo ikangogwa chizimalupsa, mvula yoyamba ija, limatulukira pomwe lidali chaka chatha. Makolowo adalibzala mondondoza pakati pa munda ndi munda. Chaka chilichonse likachita maluwa, a Nang'omba, nduna ya malire, ankayendera minda yonse, kenaka anthu n'kumabzala mchewere wawo.

M'mudzimo mudali Nyenga ndi mkulu wake Msulu, minda yawo yogundana. Msulu adakatenga Nkhwali kutali, ulendo wa masiku atatu, n'kubwera naye pachitengwa, ndiye kuti mkaziyo ndiye adasiya kwawo kudzakhala kwa mwamuna. Adabereka ana anayi, kenaka Msulu adamwalira.

Pamaliropo palibe adalira kuposa Nyenga. Adagubuduka mpaka anthu adasiya mtembo n'kuyamba kugwira iye.

"Alamu," adatero misozi ili chuchuchu, "mwamuna wapita, koma mlamu alipo. Munda wanu ndiziuyang'ana ngati wanga."

Pa mawu onse amene Nyenga adayankhula m'moyo wake, awa okha ndiwo adawasunga.

Msulu adasiya nyimbo imene ankalimira. Idali yaifupi, mizere iwiri yokha: woyamba unkafunsa duwa kumene lagona, wachiwiri duwalo linkayankha kuti lagona pomwe adalisiya. Nyimbo yake yomata ngati chisoso pansalu. Nkhwali ankaiyimba polima ndi posinja, ana n'kumavomera.

Tsono m'mbali mwa malirewo, mbali ya Nkhwali, mudali mizere isanu ya pachinyontho. Mvula ikanama, mchewere unkacha pamenepo pokha. Nyenga adawerengera kuti mizere imeneyo ikachoka, mlamu wake sangadyetse ana, ndipo adzabwerera kwawo n'kumusiyira munda wonse.

Chizimalupsa itagwa, maluwa atatuluka, Nyenga adadikira masana, dzuwa lili paliwombo, aliyense atabisala mumthunzi. Adayamba kukumba. Muzu udali wautali, wosafuna kutha, ndiye adangoudula pomwe khasu lidalekeza. Adanyamula maluwawo n'kukawabzala kuseri kwa mizere isanu ija, adawathirira ndi chipanda, n'kusesa mapazi ake ndi mchira.

M'mawa mwake a Nang'omba adafika, kuyenda kwawo kwapang'onopang'ono, mudzi wonse uli pambuyo. Iwo sankakonda milandu yaitali chifukwa mchenga unkawaotcha mapazi.

"Zikomo a nduna," adatero Nkhwali atagwada, "duwa ili silidali apa."

"Lidali pati?"

"Pomwe aima alamu angawo."

Nyenga adayang'ana pansi, n'kutukula phazi limodzi, kenaka linzake. "Ine ndaima pamchenga. Alamu, chisoni chimasokoneza mutu. Inenso dzulo ndinalowa m'nkhokwe ndikuyesa ndi m'nyumba."

"Munalowa m'nkhokwe yanga."

"Ndi zomwe ndikunenazo. Chisoni."

A Nang'omba adafunsa ngati Nkhwali ali ndi womuyankhulira. Koma munthu wa pachitengwa malume ake amakhala kutali.

"Wondiyankhulira ndi alamu omwewa," adatero.

"Ndipo ndikuwayankhulira," adatero Nyenga. "Akhululukireni a nduna, ndi ofedwa. Ine ndingofunsa kamodzi, popeza ndine mwana. Kodi makolo adati malire ndi pamene pali duwa, kapena pamene munthu akukumbukira?"

"Pamene pali duwa," adatero a Nang'omba. "Duwa silinama. Tiyeni munda wina."

Madzulo ake Nkhwali adasinja, nyimbo ija ili pakamwa, kufunsa duwa kumene lagona. Ana adavomera. Nyenga adatseka chitseko, koma chitseko cha mapesi sichitchinga nyimbo.

Chaka chimenecho Nyenga adabzala pachinyontho. Koma pa nthawi yopalira adaona timasamba tikutuluka pakati pa mchewere wake, mondondoza, pamalire akale penipeni. Adatidula. Patatha sabata tidatulukanso. Adatidulanso, titulukenso. Pomwe maluwa amene adasamutsa aja adafota onse, chifukwa adalibe muzu. Nyenga adaona kuti chaka chamawa mboni idzadzuka pomwe idagona.

M'chilimwe adapita kwa a Njiri, msilikali wa pabwalo, amene amadya chogwada ngati akupemphera.

"Bwana, ndabwera ndi chinsinsi. M'munda mwanga muli zikhawo zotsekemera kuposa mbatata. Malemu achimwene ankadya okha. Ine mano ndi ochepa, ndiye ndati m'malo moti ziwonongeke ndiuze munthu waulemu wake."

"Wauza yani wina?"

"Inu nokha."

Adapita masana. A Njiri adagwada n'kuyamba kufukula. Adatafuna muzu woyamba n'kulavula.

"Iwe Nyenga, izi n'zowawa."

"Zapamwamba zimawawa, bwana. Zotsekemera zili pansi."

Adafukulanso, kutafuna, kulavula.

"Zikuwawabe."

"Ndiye kuti mwayandikira. Achimwene ankati kuwawa kukakula, kukoma kuli pakhomo."

A Njiri adafukula mzere wonse kuyambira uku mpaka uko, kutafuna ndi kulavula, kutafuna ndi kulavula, zibenthu za mizu zili mbwee munda wonse. Dzuwa litapendeka adadzuka, mawondo atanyuka, mlomo utatupa.

"Ukangouza munthu kuti ine ndadya zimenezi," adatero, "ndidzakuponda."

"Ine ndaona chiyani, bwana? Ine ndinali kumthunzi."

Nyenga adapita kwawo akuti mboni yafa. Panjira adakumana ndi a Nang'omba.

"Nyimbo ya malemu ija mwaitenga ndinu?" adafunsa a nduna.

"Iti?"

"Imene mukuyimbayo."

"Ine sindiyimba, a nduna. Mwina ndi mphepo."

Chizimalupsa idagwa. Chibenthu chilichonse chimene a Njiri adalavula chidamera. M'malo mwa mzere umodzi, pakati pa minda iwiriyo padangoti chikasu paliponse. A Nang'omba atafika adaima, n'kuphethira kawiri.

"Nanga malire ndi ati pamenepa?"

"Afunseni alamu," adatero Nkhwali. "Ndiwo amayang'ana munda wanga ngati wawo."

Nyenga maso ankayenda. Adaona duwa limodzi litamera patali lokha, pafupi ndi nkhokwe ya Nkhwali, pomwe a Njiri adakalavulira komaliza. Adathamangira pomwepo, n'kudzigwetsa pansi.

"Achimwene! Mwayankhula, achimwene."

"Akuti chiyani?" adafunsa a Nang'omba.

"A nduna, duwa lili ndi miyendo?"

"Ayi."

"Nanga lafika bwanji kuno? Ndani amakhala pansi, kufupi ndi mizu? Ndi akufa. Achimwene akuyendetsa duwa kuti munda wa makolo ubwerere kumagazi. Enawa ndi mapazi awo chabe. Limene layenda mtunda wautali kuposa onse, pamenepo ndi pomwe akufuna malire akhale. Ine sindikufuna, a nduna, zikundipweteka. Koma ndingakane bwanji mkulu wanga?"

"Amuna anga ali moyo sankayenda mtunda ngati umenewu osapuma kawiri," adatero Nkhwali.

Anthu adaseka, koma mwamantha, chifukwa nkhani idali itakhudza mizimu. A Nang'omba adatukula phazi limene linkapsa kwambiri.

"Zamveka. Kuyambira lero, duwa limene layenda kutali kuposa onse ndilo mawu a akufa. Msilikali, mwamva?"

"Ndamva," adatero a Njiri akuyang'ana kumbali.

Nkhwali adatsala ndi mizere itatu. Adaibzala, adaipalira, nyimbo ija osaisiya. Tsopano ankaiyimba motsitsa, ndipo ana ankavomera mochedwa chifukwa cha njala. Adakolola dengu limodzi ndi theka.

Apa munthu wanzeru akadalekeza. Koma Nyenga mizere itatu ija inkamusowetsa mtendere kuposa munda wonse umene adalanda. Adati duwa likangomera pakhomo pa mlamu wake penipeni, nkhani yatha. Kukumba yekha adaopa, popeza maso a anthu adali atayamba kumutsata. Ndiye adapita kwa a Mfuko, mkulu wosunga nkhokwe za pansi, amene maso awo adali ofooka chibadwire. Adagogoda pachulu chawo.

"Agogo, maso ali bwanji?"

"Monga dzana."

"Ine zimandimvetsa chisoni. Mankhwala ali pamutu panu, inu osadziwa. Simunaone kuti duwa lachikasu lija limafanana ndi dzuwa?"

"Ndikadaona bwanji?"

"Ndi zoona, pepani. Koma muzu wake ndi mankhwala a maso. Mudule mizu yonse ya m'munda mwanga, ndakupatsani ulere. Kungoti ili ndi chizimba chake. Isanagwire ntchito imayenera kugona pansi pa nyumba ya wamasiye mpaka mvula itagwa. Muziluma pang'ono pokha, yambiriyo muzisunga."

"Nanga nyumba ya wamasiye ndiidziwa bwanji, ine woyenda pansi?"

"Tsatani nyimbo. Mumaimva ija yofunsa duwa kumene lagona? Pamene ikumvekera tsiku ndi tsiku, pamenepo ndi pakhomo pake."

A Mfuko ndi munthu wosafulumira. Adatha masiku asanu ndi atatu akudula mizu ndi kuiunjika. Pamasiku amenewo dengu ndi theka lija lidatha, ndipo Nkhwali adatenga ana ake n'kupita kukasuma kumidzi yakutali, kulima m'minda ya eni kuti alandire chakudya. Pakhomo pake padati zii.

Nyenga ataona chitseko chomangidwa ndi luzi, mtima udakhala pansi. Nkhokwe zake zidali zodzaza. Ankakhala pakhonde tsiku lonse akusema mpini, ndipo posema pakamwa pankayenda pokha. Ankafunsa duwa kumene lagona, n'kudziyankha yekha, kufunsa n'kudziyankha. Mukadamuuza akadakana. Pansi pake a Mfuko ankatchera khutu, n'kumati wamasiyeyu mawu asasa ndi kulira, n'kumakoka mizu.

Mitambo itayamba kusonkhana Nkhwali adabwerera, ataonda, kuti adzabzale mizere yake itatu. Adauza anansi kuti ikakanikanso ulendo uno adzatsazika manda a mwamuna wake n'kumapita kwawo.

Chizimalupsa idagwa. Patatha masiku anayi Nyenga adadzuka n'kumva kanthu kakumugwaza kumsana. Adatukula mphasa, n'kupeza duwa. Kuseri kwa mtsuko, duwa. Pansi pa nkhokwe, maluwa. Adagwira khasu, koma a Nang'omba adali atafika kale kumpanda ndi mudzi wonse. Lalikulu kuposa onse lidali pakhomo penipeni. Nyenga adalikhalira.

"Mwadzuka bwanji a Nyenga?"

"Ndadzuka, kaya inu a nduna."

"Simuimirira?"

"Msana."

"Nanga chachikasu chikusuzumira kunsi kwa mchiracho?"

"Ndi matenda omwewo."

A Njiri adamunyamula ngati mtolo n'kumuika pambali. Duwa lidaweramuka pang'onopang'ono, onse akuona.

"Malemu ayenda," adatero a Nang'omba. "Ulendo uno afika mpaka m'nyumba. Malire ndi khomo ili. Kuchokera pano mpaka uko, munda ndi wa Nkhwali."

Nyenga adawerengera msanga. Akavomera za mizimu, atsala wopanda ngakhale mzere umodzi. Akaulula, malire abwerera pakale, ndipo theka la munda likhalabe lake. Manyazi sadyedwa, koma mchewere umadyedwa. Adagwada.

"A nduna, ndili ndi mawu. Akufa sayendetsa duwa. Ndine ndidalisuntha chaka choyamba chija, ndi khasu ili. Ndine wakuba. Bwezerani malire pakale."

"Chaka chatha mudalira pamaso pathu kuti mkulu wanu wayankhula."

"Ndinkanama."

"Nanga lero tidziwa bwanji kuti simukunama?"

"Chifukwa lero ndikunena zoona."

"Chaka chathanso mudatero."

"Ndili ndi mboni. A Njiri, nenani. Si inu mudafukula malire tsiku lonse mukufuna zikhawo?"

A Njiri adatembenukira kwa a nduna. "Ine msilikali wa pabwalo, kudya mizu ya maluwa? A nduna, munthuyu andilemekeze."

"A Mfuko ndiye anene. Agogo, tulukani. Auzeni kuti ndidakunamizani za mankhwala."

A Mfuko adatulutsa mphuno. "Kunama kwake kuti? Mankhwala akugwira. Dzulo ndinaona kanthu ngati kuwala."

"Ndikulumbira, ndine wakuba," adatero Nyenga akutembenukira uku ndi uku. "Anthu inu mumandidziwa. Alipo pano amene sindidamuberepo? Alamu, auzeni. Mudanena nokha kuti duwa silidali pamene paja."

Nkhwali adakonza nsalu yake. "Akhululukireni a nduna. Ndi ofedwa."

A Nang'omba adati mlandu watha, ndipo munthu akanyozanso akufa pamaso pawo adzalipa mbuzi. Adapita kumunda wina, mudzi uli pambuyo, ena akuyimba nyimbo ija chapansipansi.

Atatsala awiri, Nkhwali adatenga khasu la Nyenga lomwelo. Adayenda mpaka pakati pa munda, osayang'ana duwa ngakhale limodzi, n'kulemba mzere pamchenga. Padali pamalire akale, osaphonya ngakhale phazi.

"Limani mbali iyo, alamu. Sindifuna ana anga azidya wina akuwayang'ana kukamwa. Koma ndakubwerekani. Chaka chilichonse muzibwera kudzapempha."

"Zikomo alamu," adatero Nyenga.

Ndipo chaka ndi chaka ankapita kukapempha, chipewa chili m'manja. Pobwerera ankauza anthu kumowa kuti adachita dala, kuti munda wobwereka ndi wabwino chifukwa ukakanika mlandu ndi wa mwini wake. Kuulula adaulula, pabwalo, mudzi wonse ukumva. Koma pepani sadanene, mpaka mchira udachita imvi. Nthano yanga yapsa pamenepa, aphule amene ali ndi manja olimba.

Kwa ine kudalibe Mfuko. Palibe adandigwira. Achimwene anga a Lufeyo atamwalira ndidasuntha maluwa aja masana amodzi, ndipo pabwalo ndidayankhula bwino kwambiri, anthu mpaka adandiyamikira. Alamu anga a Nachisale adapirira zaka ziwiri, chachitatu adamanga katundu n'kubwerera kwawo ndi ana atatu. Ine ndidalima munda wonse zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo dzinja lililonse ndinkadula timasamba tija pamzere wake womwewo. Ana anga ankayesa ndi udzu wamba.

Chaka chatha ndidakwera basi, kenaka njinga yakabaza, mpaka kwawo kwa alamu anga. Ndidawapeza pakhonde akusenda nandolo, atakalamba kuposa mmene ndinkaganizira. Adandipatsa mpando. Ndidafunsa za ana, adati wamkulu ali kutauni amasoka nsapato, wachiwiri adamwalira, wamng'ono ndi amene amawasunga. Ndidayamba za mvula, kuti chaka chino yachedwa, kuti kwathu mbewu zapserera. Ndidanena za mvula nthawi yaitali.

"Alamu," adatero osaleka kusenda, "mwakwera basi kudzandiuza za mvula?"

Ndidatsika pampando paja n'kukhala pansi. Mpongozi wawo adali pomwepo ndi lichero, ndipo ndidafuna kudikira kuti achoke, koma sadachoke.

"Alamu, duwa lija silidali pamene paja. Mudanena zoona, ine ndidakusandutsani wamisala pamaso pa anthu. Ndidalisuntha ndine, ndi manja awa, achimwene asanaume m'manda. Munda ulipo, mwana wanu akautenge, ndikamuonetsa ndekha pomwe malire ali. Zaka zimene mudavutika ndi ana sindingazibweze. Ndidakulakwirani, alamu. Pepani."